Nyale Imene Akuti Ndi Ine

Ana inu, Tadala, Yamikani, ndi iwe Pilirani wamakani, izi ndachita kukulemberani chifukwa ndikangotsegula pakamwa mumati agogo ayamba kukalipa. Ine sindikalipa. Mawu anga ndi aakulu basi, ndinabadwa nawo. Pepala silikuwa, ndiye werengani mpaka kumapeto, ndipo wina asabwere kudzandiuza kuti "agogo, mwachidule." Zachidule muzikachita ndi anzanu a pafoni.

Nkhani ndi ya chinthu chija chili pamwamba pa kabati, chimene munachiveka chipewa changa n'kumachijambula mukugubuduka ndi phwete. Munkaganiza kuti ndagona. Ndinamvanso iwe Yamikani ukunong'oneza agogo ako aakazi kuti mnyamata wa ku Dzaleka wogula zinthu zakale uja wachikonda, akuti azungu a ku Lilongwe amalimbirana zoterezi, ndiye tichigulitse tigule nyale ya sola. Sichigulitsidwa. Komanso musiye kuchitchula chidole, ndi nyale. Ndipo sichifanana ndi ine ngakhale pang'ono.

Inu mwabadwa kuwala kuli m'thumba. Ife tinakula ndi koloboyi: kachitini, kansanza, ndi parafini wogula m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa. Ukawerenga nayo madzulo, m'mawa umadzuka m'mphuno muli bii ngati kunsi kwa mphika. Mayeso anga onse ndinakhoza ndi mphuno zakuda. Ndiye tsiku limene ndinaona nyale ya m'nyumba ya ansembe ku mishoni, ndinaima pakhomo kukamwa kuli yasa. Anali mzimayi woumbidwa, woyera mbee, nsalu yake ikuchita ngati ikuuluzika ndi mphepo, dzanja lili m'mwamba atanyamula nyale ya galasi. Ankati inabwera pa sitima ya pamadzi bambo anga asanabadwe. Chala chimodzi chinali chothyoka, komabe ndinadziuza mumtima kuti munthu wophunzira ayenera kukhala ndi chinthu chotere m'nyumba mwake. Onani kumene mavuto amayambira.

Munthu amene ankadziwa kuumba zoterezi kumapiri a Ntchisi anali mmodzi, a Polikapo a ku Kasakula. Anakulira pa mishoni, akumata mphuno ndi zala za ziboliboli za oyera mtima zikathyoka, limodzi ndi Bulazala wina wokalamba, mzungu wothandiza ansembe. Bulazalayo atabwerera kwawo, a Polikapo anatsala ndi zikombole, timipeni, ndi matama. Musaganize za mmisiri wofatsa ayi. Anali wolongolola, wokonda kachasu, ndipo ankanena poyera kuti m'Ntchisi monse oumba anthu alipo awiri, Mulungu ndi iwo, koma Mulungu anasiya kugwira dongo kalekale.

Ntchito yawo ndinaiona ndi maso angawa. Ankayamba kuumba munthuyo ndi dongo la kudambo. Akauma pang'ono ankamupangira chikombole cha mbali ziwiri, chakumaso ndi chakumbuyo. Kenako ankatenga ufa woyera uja amapangira chikhakha kuchipatala munthu akathyoka mwendo. Kumene ankaupeza sindinafunse, inunso musafunse. Ankausakaniza ndi madzi mpaka ukhale ngati phala la mwana, n'kuthira m'chikombole chopakidwa sopo, ataikamo khonje kuti chilimbe ndi masipoko a njinga m'mikono. Ufa umenewo sudikira munthu. Ukangolawa madzi umayamba kutentha n'kuuma, moti pa nthawi yothira a Polikapo sankayankha moni, ngakhale wa wansembe. Akatsegula chikombole ankapala ndi kampeni, kupaka penti, n'kusiya kabowo poika koloboyi. Anaumba amayi osenza mitsuko, angelo ogwada, alenje, oimba ng'oma. Aphunzitsi ndi eni magolosale ankaika nyale zimenezi pabalaza pa nsalu yoluka, ndipo mlendo akabwera ankaziyatsa ngakhale dzuwa lisanalowe.

Ine ndinafika ku Kasakula ngati kalaliki wa pamsika wa fodya, ndili ndi satifiketi ya Fomu 4, tayi imodzi, ndi chikhulupiriro chakuti anthu onse ondizungulira ndi ochedwa kumva. Kumeneko ndinapeza agogo anu, Nasitaziya, n'kulowa chikamwini. Inu a masiku ano mukakwatira mumakachita lendi m'tauni, simudziwa. Chikamwini ndiye kuti mwamuna wasiya kwawo, wakamanga nyumba kwa mkazi, ndipo akulima munda umene akuchikazi amulozera. Wanga anandilozera pamtsetse wa miyala, pamene khasu linkatulutsa moto kuposa chimanga.

Ndipo panali lamulo la apongozi. Mkamwini sayang'anana ndi mayi a mkazi wake, sadya nawo, salowa m'nyumba mwawo. Mukakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Ine ndinapatukirapo m'chitedze chifukwa cha ulemu, ndipo ndinadzikanda mwaulemu mpaka kunyumba. Mukafuna kuuzana kanthu mumatuma munthu, apo ayi wina amakhala kuseri kwa nyumba n'kumayankhula ngati akuuza khoma. Kwina zimenezi zinkatha mwana woyamba akabadwa, koma apongozi anga, a Naphiri, anali achikale ndipo sanafulumire. Choncho nkhope yanga sankaidziwa bwino. Ankandidziwa ndi makutu. Ankandimva ndikukambirana ndi mbuzi zawo zikalowa m'munda, ndi tcheni cha njinga chikaduka, ndi nkhwangwa ikaguluka. Ndikuti kukambirana. Iwo ankazitchula dzina lina.

Nditalandira malipiro a nyengo ya fodya, ndinapita kwa a Polikapo.

"Ndikufuna nyale," ndinatero. "Muumbe munthu wophunzira, wovala tayi, buku kukhwapa, dzanja linalo atakweza nyale m'mwamba."

"Wophunzirayo ndani?"

"Mukuona wina pano?"

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi. Ndinafunsa tsiku loti ndidzakhale pampando kuti andione bwino.

"Ine sindikhazika munthu pampando, a Kalaliki. Wapampando amavala nkhope ya kutchalitchi. Pitani, ndizikuonani ndekha."

Ndinapita, ndipo nyale sinabwere. Nthawi ya dzinja anati ufa suuma. Nthawi yokolola anati manja atopa. Kenako anati ayambe amaliza ng'ombe ndi abusa a m'khola la Khirisimasi. Ulendo uliwonse ndinkawafotokozera maganizo anga momveka bwino, moti a kuchigayo ankazimitsa injini kuti amve nawo. Ndinawatchula chidakwa, ndinawatchula kamberembere, ndi mayina ena amene sindingalembe chifukwa Pilirani angawaloweze. Iwo ankangondiyang'anitsitsa, mutu atapendeketsa, zala zikuyendayenda m'mwamba. Ine n'kumati mawu anga akuwalowa.

Anandiitana tsiku la msika, pakhonde pawo patadzaza anthu a bawo. Anachotsa chiguduli chimene anaphimbira. Tayi inalipo, yofiira ngati yanga. Buku linalipo. Koma dzanja lija silinakweze nyale, linkaloza munthu ndi chala. Kukamwa kunali kotsegula mpaka mano a kumapeto, mitsempha ya pakhosi itatupa, nsidze imodzi itakwera kusiya inzake. Ndipo kabowo ka koloboyi anakaika pakati penipeni pa mutu. Anatenga machesi n'kuyatsa, dzuwa lili paliwombo. Moto unatuluka pamutu, utsi n'kumakwera.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndinu, a Kalaliki."

"Ine sindioneka chonchi!"

Vuto ndi lakuti ponena zimenezi ndinali nditawaloza ndi chala. Anthu anayang'ana nyale, anayang'ana ine, anayang'ananso nyale. Bawo linatayika. Mkulu wina wopanda mano anafunsa akupukuta misozi kuti, "Tsopano tizimitse uti?"

"Mumabwera ndi nkhope imodzi yomweyo," a Polikapo anatero. "Ina ndikanaitenga kuti?"

Ndinakana kuitenga. Iwo sanadandaule. Anati musavutike, chikombole chilipo. Ana inu, apa ndi pamene ndinaphunzira kuipa kwa chikombole: chimabereka. Pofika mwezi wotsatira ndinali pamsika wa Kasakula, ndinali ku Ntchisi boma, ena anandiona ku Mponela. Anandipatsa dzina, a Mutumoto. Amayi ankagula kuti aziopsezera ana okana kusamba. Ndinapeza mmodzi m'tiyirumu ina ataima pafupi ndi shuga, ndinamugwetsa ndi chigongono, ndipo m'mawa mwake mwini tiyirumu anakagula wina. Angelo ndi alenje anasiya kuyenda malonda. A Polikapo anagula wailesi ndi nkhope yanga, ndipo akandiona ankandivulira chipewa.

Zonsezi zikanangokhala zoseketsa pakanapanda uthenga wochokera kwathu kuno ku Dzoole. Amalume anga anati munda wa kumtsinje, womwe ankalima malemu amayi anga, ukungomera tchire. Ndikapanda kubwera mvula isanagwe, aupereka kwa wina, ndipo sudzabwereranso. Munda umenewo mukuudziwa, ndi umene mumadyako nzimbe ndi mondokwa mukabwera ku holide. Ine ndinali ndi mkazi, mwana wakhanda, amene ndi bambo ako iwe Tadala, ndi mtsetse wa miyala. Kupita ndekha kusiya agogo anu sindikanatha. Njira inali imodzi, kupempha chitengwa, ndiye kuti akuchikazi alole kuti ndimutenge mkazi wanga tikakhale kwathu.

Ankhoswe anga anapita. A Yobe, amalume ake a agogo anu, anawalandira bwino, nkhuku inafa, koma yankho linali lozungulira. Atapitanso, a Yobe ananena zoona.

"Ine ndilibe mawu. Akukana ndi mlongo wangayu. Akuti mkamwini akakalipa kuno timamva. Ku Dzoole adzamva ndani?"

Mawu amenewo anandilasa. Dzanja langa silinakwerepo pa agogo anu, afunseni, ali pompo. Koma a Naphiri akanadziwa bwanji za munthu amene ankangomumva kuseri kwa mpanda? Mitambo inali itayamba kusonkhana kumapiri a Ntchisi, anthu akumaliza kugalauza. Ndiye tsiku lina agogo anu, akusenda mtedza, anangoti, "Amayi agula a Mutumoto. Asinthanitsa ndi thadzi. Awaika pawindo."

Basi. Ndinapeza wolakwa. Ndinati chimene chikundiwonongera chitengwa ndi chidole chimenechi, apongozi akudzuka nacho n'kugona nacho, adzandikhulupirira bwanji? Masana ena otentha, nditamva kuti amayi onse apita kudambo, ndinatenga mpini wa khasu n'kulunjika kunyumba kumene mkamwini saloledwa kuponda. Munthu wa Fomu 4, kupita kukamenyana ndi chikhakha.

Nditafika pakhonde ndinamva kutsokomola m'nyumba. A Naphiri sanapite kudambo. Anali atandimva kale, chifukwa akuti ndimayenda ngati ndikuponda matope a njerwa. Ndinadziphatika kukhoma pafupi ndi windo. Kuthawa kunali kochedwa, kulowa kunali kosatheka. Ndinamva mphasa ikukokedwa, iwo akukhala chofulatira khomo. Kenako anayamba, mawu ofatsa ngati akucheza ndi mnzawo.

"A Mutumoto, mwaswera bwanji? Kunjaku kukuomba kamphepo konyamula mpini."

Ndinabisa mpini kumbuyo.

"Inutu ndimakukondani, a Mutumoto. Kukamwa kwanu n'kotsegula tsiku lonse, koma simunanditukwanirepo mbuzi. Tandiuzani. Akuti mukufuna kupita ndi mwana wanga ku Dzoole. Kumeneko mukadzayaka, adzathawira kwa yani? Kuno akamva kutentha amabwera kudzakhala pamphasa pangapa mpaka muzime."

Ana inu, ine nthawi yonseyo ndinkaganiza kuti agogo anu amangokonda kukabwereka mchere kwa amayi awo.

Magazi anakwera. Ndinamva khosi likutupa, pakamwa pakutseguka, mawu ali kale pa lilime. Ndinatembenuka kuti ndiyankhe, ndipo pawindo, mphuno kwa mphuno, ndinakumana ndi a Mutumoto, kukamwa yasa, chala chili pa ine. Sindikuti tinafanana. Ndikuti ndinatseka pakamwa mofulumira mpaka ndinadziluma lilime. Ndinaika mpini pansi, ndinanjuta padzuwa, n'kuomba m'manja. Kuyankhula ndi apongozi sindikanatha. Koma panalibe lamulo loletsa kuyankhula ndi nyale.

"A Mutumoto," ndinatero, "muwauze amayi kuti mpiniwu ndimapita nawo kokakhomera khasu."

"A Mutumoto, mufunseni mnzanuyo, khasulo lili m'thumba la malaya?"

"Muwauze kuti dzanja langa silinamukhudzepo mwana wawo."

"Zadzanja ndikudziwa, ndikanaona. Koma mumuuze kuti mawu nawonso amatupitsa. Mwana wanga ankaimba akamasinja. Mwamumvapo akuimba chaka chino?"

Ndinafufuza m'mutu monse, momwe munali mbiri ya mafumu a ku Ulaya ndi mayina a mitsinje ya ku Amereka, koma yankho munalibe. Kenako ndinati, "Muwauze kuti ku Dzoole kuli mlongo wanga, nyumba yake ndi yoyandikana ndi pamene ndidzamange, ndipo mchere ali nawo. Muwauzenso kuti njinga ndili nayo. Tsiku limene mwana wawo adzati akufuna kwawo, ndidzamukweza ndekha, osafunsa chifukwa."

Ndinayembekeza kuti avomera kapena akana. M'malo mwake anayamba kuwanyoza a Mutumoto. Anayambira ku tayi, kuti munthu wanzeru angadzimange chingwe pakhosi kutentha konseku. Anapita ku buku, kuti chigulireni nyaleyi sanalionepo litatsegulidwa. Anafika ku mizere ya m'munda mwanga, kuti ndi yokhota ngati njira ya woledzera. Anakumbutsa mayina onse amene ndinatchulapo mbuzi zawo, limodzilimodzi, ndipo sanaiwale ngakhale limodzi. Ananena za kayendedwe, za kadyedwe, za mmene ndimayankhira moni ngati ndikulipiritsa. Ine ndili chinjutire, dzuwa likuwotcha pamutu, miyendo itachita dzanzi, nyerere zikukwera m'buluku, lilime likutuluka magazi. Mawu ankafika pakhosi n'kubwerera, kufika n'kubwerera. Chibadwire sindinagwirepo ntchito yolemetsa ngati imeneyo, ndipo ndanyamulapo mabelo a fodya.

Mapeto ake anatopa. Kenako anaseka pang'ono.

"Ee, a Mutumoto. Lero mwayaka osatulutsa utsi."

Ndinaomba m'manja.

"Mumuuze atume ankhoswe ake. Koma inuyo simupita nawo, mutsala kuno ndi ine. Nkhope iyi ikhale pawindo pano, ku Dzoole apite ndi ina. Ndikadzangomva kuti yafika kumeneko, ndidzabwera wapansi kudzatenga mwana wanga, ndipo sindidzapatukira munthu kutchire."

Ndinadzuka movutika n'kubwerera kunyumba chotsimphina. Mpini ndinauiwala pomwepo, ndipo sanandibwezere.

Tinasamuka pa ngolo, mvula yoyamba n'kutipeza tikufolera denga. Mwina mukufuna kumva kuti kuyambira pamenepo ndinasanduka mwanawankhosa. Funsani mbuzi za pamudzi pano. Njinga ija inagwirapo ntchito yake, sindinama, ndipo ulendo wa ku Kasakula ndi wokwera, makamaka ukanyamula munthu amene sakukuyankhula. Koma sizinali kawirikawiri. Nthawi zambiri, mawu anga akayamba kukula, agogo anu ankangofunsa kuti, "Ndikabwereke mchere?" Ndipo chaka chachiwiri ndinawamva akuimba pamtondo. Ndinangoima kuseri kwa nkhokwe ngati wakuba.

Patapita zaka, a Naphiri anatumiza nkhuku ndi uthenga wakuti zopatukirana zithe, takula tonse. Ndinapita, ndinakhala pamphasa yomwe ija. Anandiyang'ana nthawi yaitali, koyamba, n'kuyang'ana pawindo.

"A Polikapo anakukomerani mtima," anatero. "Mphuno anachepetsa."

A Polikapo anamwalira ali ndi matama awo onse. Ana awo sanatenge lusolo, ndipo zikombole zinasanduka zomwera nkhuku. Ndinapita kumaliro, ndinanyamula nawo bokosi, ndipo wina kumbuyo ananong'ona kuti katundu wabwera kudzaperekeza mwini fakitale. Ndinamumva. Ndinamusiya chifukwa manja anali otanganidwa. A Mutumoto enawo anatha mmodzimmodzi, chifukwa ufa uja sugwirizana ndi denga lodontha, ndipo matochi a mabatire atabwera anthu anawataya kudzala. Angelo ndi amayi a mitsuko anapita njira yomweyo. Mwina watsala ndi uyu yekha, n'chifukwa chake mnyamata wa ku Dzaleka akumuyang'ana ndi maso a njala. Sindimuda, ali pa ntchito yake, ndipo ndi munthu woyamba kunena kuti nkhope imeneyi ndi yokongola.

A Naphiri atatsala pang'ono kutisiya anasiya mawu akuti nyale ipite kwa Nasitaziya. Osati kwa ine, kwa Nasitaziya. Ndiye nkhope ija inafikadi ku Dzoole, koma inafika ili m'manja mwa agogo anu, ndipo akuidziwa ntchito yake. Iwe Pilirani ndiwe mboni. Tsiku lija unasiya chitseko cha khola chotsegula, ine nditangoyamba kukufotokozera bwinobwino, unaona agogo ako akudzuka, kutenga machesi, kuyatsa koloboyi pamutu pa a Mutumoto dzuwa likuswa mtengo, n'kubwerera kukakhala pansi. Unadabwa kuti n'chifukwa chiyani ndinasiyira pakati n'kupita kukaona nzimbe. Tsopano wadziwa amene anakupulumutsa.

Sola yakoyo, Yamikani, ingachite zimenezo? Ukaipeza yotero ubwere nayo. Pakadali pano mnyamata uja akabweranso mumupatse madzi akumwa, mumuuze kuti mwini nyale wakana, ndipo mwamuna wa mwini nyale asaitanidwe kudzafotokoza.

Chipewa changa mubweze lero lomwe. Chikuwakhala bwino a Mutumoto kuposa ine, ndipo sindikufuna kumva wina akunena zimenezo.